Ndere za pa Khoma la Esinala

Sendererani kufupi ndi mbaula, ndipo amene ali ndi mwana kumsana amufunditse. Nkhani iyi ndiibwereza monga anandiuzira anthu amene analipo, osathiramo mchere wanga. Pamene iwo anati sakudziwa, inenso ndinena kuti sindikudziwa. Zinazo tizisiye m'manja mwa Mulungu.

Ku Chilobwe, kumtunda kwa msika, kuli mdadada wa nyumba za lendi zoyang'ana phiri la Soche. Pa khomo la kumapeto pankakhala mayi wina dzina lake Esinala, wa ku Ntcheu, telala wosokera pa khonde la sitolo ina kumsikako. Mwamuna wake anapita ku Joni kalekale, ndipo foni yake inaleka kupezeka. Chimene Esinala anatsala nacho ndi mwana mmodzi, Tinyade, kamtsikana ka zaka zisanu kolongolola ngati wailesi.

M'nyengo yozizira Tinyade anadwala chibayo. Masiku amenewo ankakonda kukhala kuseri kwa nyumba, atatsamira khoma, kuothera dzuwa atavala juzi yake yachikasu. Kuchipatala anapita, mankhwala anamwa, koma m'mawa wina atambala akulira, mwana uja anatsirizikira m'manja mwa mayi ake, pamphasa.

Abale anabwera ndi lole kudzatenga maliro, motsogozedwa ndi malume ake a Esinala, a Bizaliele. Tsono kwawo kwa Esinala ali ndi kachitidwe kawo. Munthu akafera kutali ndi mudzi, bokosi lisananyamuke wina amalowa m'nyumba momwe waferamo, n'kumuitana ndi dzina, kumuuza kuti tiye kwathu. Ndipo panjira, pa mtsinje uliwonse, amamuuza kuti tikuwoloka, pakuti iwo amati womwalira sawoloka madzi yekha.

Bokosi litakwezedwa, a Bizaliele anamugwira Esinala paphewa.

“Mwana wamng'ono samvera mawu a mlendo,” anatero. “Lowa ndiwe, ukamuitane. Ife tikudikira panja pano.”

Esinala analowa, natseka chitseko. Mphasa inali pomwepo, ndi kapu yofiira ya pulasitiki imene mwanayo ankamwera tiyi. Anaganiza za manda a kwawo, kunkhalango, kopanda ngakhale nyali imodzi. Tinyade anabadwira m'tauni. Kumudzi sankadziwako munthu, ndipo magetsi akangozima ankathamangira m'chitenje cha mayi ake. Esinala anagwada, nayandikiza pakamwa pake pamphasa.

“Tinyade,” ananong'ona, “usakwere galimotoyo. Khala pompano, undidikire. Ndibwera.”

Atatuluka, malume ake anafunsa, “Wamuuza?”

“Ndamuuza, malume.”

Pa milatho yonse ya panjira Esinala ankangogwedeza milomo, osatulutsa mawu. Kumanda sanalire monga amalirira mayi. Anthu ena anati ndi wolimba mtima, ena anati chisoni chamuumitsa kukhosi. Atameta, anabwerera ku Chilobwe mofulumira ngati munthu amene wasiya mphika pamoto.

Poyamba panalibe chodabwitsa chachikulu. Kapu yofiira ija ankaiika m'kabati, koma m'mawa ankaipeza kuseri kwa nyumba, patsinde pa khoma. Tsiku lina zidutswa za nsalu zimene anabwera nazo kuchokera kumsika anazipeza zitayalidwa pansi mwandondomeko, zofiira pazokha, zoyera pazokha, monga ankachitira mwana uja posewera zasitolo. Esinala sanauze munthu. Anatola zidutswazo akumwetulira, ndipo usiku umenewo anagona tulo koyamba chichokere kumaliro.

Kenako inafika nyengo yotentha. Fumbi linali lokhalokha, malata ankalira ndi dzuwa, ndipo mipopi ya dera lonselo inauma. Amayi ankalawirira ndi zigubu kukatunga madzi kutali. M'nyengo imeneyo ndi mmene ndere zinamerera pa khoma la Esinala.

Ndere mumazidziwa: tomera tobiriwira, tofewa ngati ubweya, timene timaphuka m'ming'alu ya simenti ndi m'mbali mwa ngalande nthawi ya mvula, ndipo dzuwa likakula timauma n'kutuwa. Palibe amene amaima kuti aziyang'ane. Koma izi zinamera pa khoma louma, lowombedwa ndi dzuwa tsiku lonse, pamalo amodzi okha: kuyambira pansi kulekeza m'chiuno mwa munthu wamkulu. Ndi pomwe paja pankatsamira Tinyade.

Woyamba kuziona anali Anasimango, mayi wa khomo loyandikana nalo, wogulitsa mandasi, wa pakamwa posatseka koma wa mtima wabwino.

“Make Tinyade,” anaitana akuyanika zovala, “kodi mwayamba ulimi wa pakhoma? Mutiuze, nafenso tikagule feteleza.”

“Ndi ndere chabe, Anasimango.”

“Ndere mwezi uno? Ife tikusamba ndi kapu ngati mpheta, inu khoma lanu likumwa madzi a kuti? Kapena muli ndi mpopi wamseri? Tiuzane bwino, anzanga, ine zigubu zandithyola khosi.”

Esinala anaseka pang'ono. Anasimango atapita, iye anayandikira khomalo naika dzanja. Ndere zinali zonyowa, madzi ake ofunda. Sadziwa chimene chinamuchititsa, koma anaika chala pa lilime. Madziwo anali a mchere. Anaima pamenepo nthawi, kenako anadziuza kuti ndi laimu wa pakhoma amene amatero.

Kuyambira tsiku limenelo, akaweruka ankayala chiguduli pafupi ndi ndere zija n'kumakamba nkhani za tsikulo: za mayi amene ankafuna diresi lothina pomwe thupi lake likukana, za makina amene anadula singano. Akaphika phala ankasiyako pang'ono m'kambale. Mumtima mwake ankati, mwana wanga ali pano, sali yekha kunkhalango.

Koma anthu a pamdadadapo anayamba kusintha. Chingwe choyanikira zovala cha kuseri kwa Esinala chinatsala chopanda kanthu. Ana amene ankasewera fulaye pamenepo anasamukira kumsewu popanda wowauza. Galu wa eni nyumbazo akafika pa ngodyayo ankaima, kutsitsa mchira, n'kuzungulira njira ina.

Madzulo ena magetsi atazima, Anasimango anagogoda.

“Anzanga, muli ndi chimfine?”

“Ayi, ndili bwino.”

“Nanga amene akufwenthera kuseriku ndani? Dzulo ndamva, lero ndamvanso. Ndimati mwina mwalandira mlendo wa mwana.”

“Mwina ndi mphaka.”

“Mphaka,” anabwereza Anasimango. “Chabwino. Ine ndikukagona ndi Baibulo kumutu, mphaka wakeyo andidutse.”

Chitseko chitatsekedwa, Esinala anatchera khutu. Anamva. Sikunali kulira kofuula ayi. Kunali kusisima kwa mwana amene walira nthawi yaitali mpaka mawu kutha, amene wangotsala ndi kukoka mpweya modukizadukiza. Anatuluka ndi kandulo. Kusisimako kunaleka. Ndere zinkanyezimira, ndipo dontho limodzi linatsika pakhoma pang'onopang'ono mpaka pansi.

“Ndili pano,” anatero Esinala. “Ukuliranji? Si ndabwera?”

Palibe chinayankha.

M'masiku otsatira ndere zija zinayamba kuyenda. Kachingwe kobiriwira kanachoka patsinde pa khoma, kutsata mng'alu wa simenti mpaka pa geti. M'mawa wina kanali katatuluka kunja. Kanatsata m'mphepete mwa njira, apa kadontho, apo kadontho, motalikirana ngati mapazi aafupi. Anthu opita kuntchito ankapondapo osaona. Esinala ankaona, koma popita kumsika ankayang'ana kumwamba.

Loweruka lina mwini nyumbazo, a Kapichi, anabwera ndi fosholo ndi chidebe cha laimu. Madandaulo anali atawafika.

“Mayi telala, khoma ili ndi langa, si dimba,” anatero akupinda manja a malaya. “Chinyezi chimenechi chindigwetsera nyumba. Patukani.”

“Zisiyeni, bambo, ndichotsa ndekha.”

“Mukanachotsa kale. Anthu anga a lendi akufuna kuthawa chifukwa cha udzu. Udzu! Anthu akuluakulu, a ndevu zawo.”

Fosholo inakhudza khoma, kwee! Chigamba cha ndere chinagwa pansi. Esinala sanadziwe mmene anafikira pamenepo. Anangopezeka atagwira mpini wa fosholo ndi manja awiri, akukuwa mawu amene mdadada wonse unamva.

“Mukumupweteka! Musiyeni, mukumupweteka!”

Amayi amene anali pa makomo anaima ndi mbale m'manja. A Kapichi anayang'ana Esinala, nayang'ana khoma. Pamene fosholo inapala, njerwa inali yakuda ndi chinyezi, ndipo madzi ankatuluka pang'onopang'ono. Bamboyo anasiya fosholo yake m'manja mwa Esinala, nachoka osatenga ngakhale chidebe cha laimu.

Anasimango ndi amene anamulowetsa m'nyumba. Sanafunse mwaukali. Anamukhazika pampando, namupatsa madzi, kenako anati, “Mwana uja munamutenga popita kumudzi?”

Esinala anapukusa mutu.

“Mayo ine,” anatero Anasimango motsitsa. “Mayo, anzanga.”

“Amaopa mdima, Anasimango. Kumeneko akadziwa ndani? Pano ali ndi ine. Ndimamupatsa phala. Ndimacheza naye.”

“Nanga phalalo amadya?”

Esinala anaika pansi madzi aja osamwa.

“Ine sindine mbusa, ndine wa mandasi,” anatero Anasimango. “Koma mwana wosangalala salira chonchija.”

“Azolowera,” anayankha Esinala. “Ana amazolowera.”

M'mawa mwake kusanayere bwino, Esinala akusesa pa geti, panadutsa bambo wina wokankha njinga yosenza matumba a makala. Sanali mmodzi wa amakala amene ankabwera kawirikawiri. Anaima kuti apume, napereka moni mwaulemu.

“Makala, mayi?”

“Alipo, zikomo.”

Bamboyo anapukuta thukuta ndi chipewa. “Ndifunseko, mayi, poti inu ndinu a konkuno. Kumunsiku, pa ulalo wa matabwa uja, pamaima kamwana m'mamawa. Ka juzi yachikasu. Ndi ka ndani?”

Tsache linagwa m'manja mwa Esinala.

“Ndakapeza kangapo tsopano,” anapitiriza wamakalayo. “Ndimaliza belu, sikapatuka. Nkhope sindinaione, kamangoyang'ana madzi. Lero ndakafunsa kuti iwe, woloka, ulalowu ndi wolimba. Akuti ayi, amayi anati ndiwadikire. Ine ndili ndi ana, mayi, zandikhudza. Kunja kuno m'mawa kumazizira. Mayi wake ndi wotani wosiya mwana panjira chonchi?”

Anakankha njinga yake napitirira. Anasimango, amene anamva zonse ali pa zenera, amati wamakala ameneyo sanaonekenso ku Chilobwe. Kaya anangosintha njira, kaya zinali zina, iwo sadziwa.

Esinala anatsata madontho obiriwira aja, wopanda nsapato. Anamutsitsa kudutsa mabenchi a msika amene anali asanatsegule, mpaka pa kamtsinje ka madzi akuda kodzaza majumbo. Pamenepo, thabwa loyamba la ulalo lisanayambe, panali chigamba cha ndere chachikulu kuposa cha pakhoma, chonyowa ngati pagwa mvula. Tsidya linalo kunali fumbi lokhalokha. Apa ndi pamene Esinala anamvetsa. Mwanayo m'mawa uliwonse ankanyamuka kufunafuna njira ya kumene kunapita thupi lake, n'kufika pamadzi, n'kulephera. Kenako ankabwerera kukhoma kukadikira monga anauzidwa.

Anagwada m'matopemo. “Ambuye, ndikhululukireni,” anatero. “Ndimati ndikumusunga.”

Tsiku lomwelo anaimbira foni a Bizaliele nawauza zonse.

“Esinala, Esinala,” inatero nkhalambayo. “Kukalipa ndikalipa tsiku lina. Tenga chimene wasiyapo chizindikiro, umubereke, ubwere naye. Panjira usayankhule ndi wamoyo aliyense, mawu ako onse akhale a iye. Ndipo usacheuke. Undipeza kumanda.”

Anasimango anati mandasi adikira, apita ndi Esinala kuti akakhale pakamwa pake. M'mawa anapemphera awiriwo atagwirana manja. Kenako Esinala anatenga mpeni wa ndiwo, napita kuseri. Anadula ndere zija mosamala ngati akuchotsa bandeji pa chilonda, naziika pa kansalu koyera. Anakulunga, naika kumsana, namanga chitenje pachifuwa.

“Tinyade,” anaitana. “Tiye kwathu.”

Atadzuka anadzandira. Kansalu ka ndere sikalemera kanthu, koma chitenje chinakoka mapewa ake ngati mmene chinkakokera kale.

Pa ulalo wa matabwa anaima. “Tikuwoloka kamtsinje ka kumsika. Gwira amayi.” Anawoloka.

Pa depoti ya Wenela anakwera minibasi ya ku Ntcheu. Kondakitala anayang'ana chitenje chija nati, “Mayi, mwanayo mumutsitse, mumukhazike pamiyendo. Mutithera malo.”

Esinala anangoyang'ana kutsogolo.

“Mayi, ndikuyankhula ndi inu. Kapena ndinu abwana, tikutumizireni kalata?”

“Iwe, yankhula ndi ine,” anatero Anasimango. “Malo ake ati? Minibasi yako yomanga ndi waya ngati khola la nkhundayi? Tseka chitseko tizipita, ngati chimatsekeka n'komwe.”

Anthu anaseka, kondakitala nayenso anaseka, ulendo unayamba. Wailesi inkaimba mokweza. Esinala anakhala kumapeto kwa mpando, osatsamira. Atafika pa mlatho wa Lunzu anatembenuzira pakamwa paphewa, maso ali kutsogolo. “Tikuwoloka Lunzu.” Pa Lirangwe chimodzimodzi. Mayi amene anakhala kumbuyo kwake anasiya kutafuna chimanga. Anaona kuti chitenjecho chanyowa, ndipo kuti m'munsi mwake simukutuluka timiyendo.

Akuyandikira Zalewa, mtsinje wa Shire unaonekera, waukulu, wamadzi odikha. Esinala anamva tizala tating'ono tikumugwira m'khosi mwa bulauzi, tikulimbitsa. Mwanayo anali asanaonepo madzi ochuluka chotere. Esinala anatsegula pakamwa, mawu osatuluka. Maganizo anamufikira akuti, nditsike pano, ndibwerere naye. Ndikangowoloka apa, basi, sadzapezanso njira ya kwa ine.

Bambo wina wachikulire amene anakhala pambali pake anali akumuyang'ana chichokere ku Lunzu. Anavula chipewa chake nachiika pabondo.

“Adalaivala,” anatero, “tazimitsani wailesiyo, ndipo muyende pang'onopang'ono. Tanyamula mlendo wamng'ono muno.”

Dalaivala anayang'ana pa galasi, nazimitsa. Palibe anafunsa kanthu. Kondakitala anachotsa kapusi yake. Minibasi yonse inakhala zii, kumangomveka matayala akukwera pa mlatho. Anasimango anagwira bondo la mnzawo nalifinya.

“Tinyade,” anatero Esinala, ndipo aliyense anamva, “uyu ndi Shire. Ndi wamkulu, koma usaope. Tseka maso. Tikuwoloka.”

Atafika tsidya lina, tizala tija tinamasuka, ndipo kamutu kanagona pakati pa mapewa ake. Mayi wa kumbuyo uja ankalira mwakachetechete. Mitsinje yotsalayo Esinala anaitchula yonse, ngakhale timakwawa touma timene dalaivala ankatiwoloka osatiwona.

Anatsika dzuwa litapendeka, nayenda wapansi mpaka kumanda. A Bizaliele anali atakhala pa chitsa pansi pa mitengo, ndodo ili pakati pa miyendo. Sanapereke moni. Anangoloza kamtumbira kakang'ono kamene dothi lake linali litayamba kuphwa.

Esinala anagwada pambali pake. “Tafika, Tinyade. Kuno ndi kwathu. Agogo ako agona apa, azakhali ako apo. Tsika.”

Anagwira mfundo ya chitenje kuti amasule. Inakana. Anayesa ndi zikhadabo, anayesa ndi mano. Mfundo imene anamanga yekha m'mawa inali italimba ngati mwala, ndipo kulemera kwa kumsana kunali pomwepo.

“Tsika, mwanangu. Tafika.”

A Bizaliele anayandikira, nayankhula moyang'ana pansi. “Satsika. Akuganiza kuti nawenso ukhala. Mwana uyu amamvera, Esinala, waona wekha mmene amamverera. Ukachoka osamuuza zoona, adzaima pa chipata cha manda ano kukudikira mpaka kalekale.”

“Malume,” anayamba Anasimango, “zimenezo ndi zolemetsa. Mayiyu watopa.”

“Ndikudziwa, mayi. Koma palibe wina anganene.”

Esinala anapinda manja kumbuyo, nagwira chitenjecho m'munsi monga agwirira mayi mwana wogona. Anagwedezeka uku ndi uku kanthawi, akumususuza. Mphepo inali italeka. Ndipo ananena, mawu amodzi amodzi.

“Tinyade, mvera amayi. Ine sindikhala kuno. Ndikubwerera ndekha. Usandidikirenso. Wamva? Usandidikirenso. Gona.”

Kwa kanthawi panalibe chinachitika. Kenako mfundo ija inamasuka yokha, chitenje chinatsetserekera pansi. Esinala anagwera kutsogolo ndi manja, chifukwa msana wake unapepuka mwadzidzidzi. A Bizaliele anatola kansalu koyera kaja nafunyulula. Ndere zinali zitauma, zotuwa ngati phulusa. Anazikhuthulira pamtumbira naphimba ndi dothi.

Pamenepo ndi pamene Esinala analira. Kulira kumene anakusunga chichokere nyengo yozizira kunatuluka konse, mpaka amayi a m'mudzi anasiya mitondo nathamangira kumanda, akuyesa kuti kwagwa maliro atsopano. Atamva, sanamufunse mafunso. Anakhala naye pansi nalira naye mpaka kunada.

Anagona kumudzi masiku angapo, kenako awiriwo anakwera basi yobwerera ku Blantyre. Anasimango amati ulendo wonsewo Esinala anali phee, manja ali pamiyendo. Koma atafika pa Zalewa, matayala atangokhudza mlatho, anamuona akutembenuzira pakamwa paphewa, milomo itatseguka kale. Anakhala choncho mpaka mtsinje wonse unatha. Kenako anatseka pakamwa pang'onopang'ono, nabweza mutu wake kutsogolo.

Nkhaniyi ndaitula monga ndinaisenzera. Musanagone, mumutchuleko Esinala m'pemphero.